Kapulasitala ka Kuseri kwa Khutu

"Ukawauze adadi ako lero lomwe, Ripeka. Ukapanda kutero ndiwauza ndine."

"Mukangoyerekeza, Amami, ndikwera ndege ya mawa ndipo simudzandionanso."

"Ndege! Zaka zisanu zonsezi anzako akuwoloka pa boti kupita kusukulu, iwe uli pa kandege, ati umakonda kuona chilumba uli m'mwamba. Bodza limeneli ulisenza mpaka liti?"

Amami anali ataima pakhomo la chipinda changa, kabokosi kali m'manja. Anakapeza m'sokosi yanga. Ndinakagula m'tauni ya Invercargill tsiku lomwe ndinamaliza mayeso, ndipo m'kati mwake munali timapulasitala tiwiri tozungulira. Umamata kamodzi kuseri kwa khutu madzulo, mawa lake nyanja siikusanzitsa.

Inde, ine ndimasanza panyanja. Ine mwana wa Murdo, mwini boti la Mere Ana, amene wakhala akutenga alendo okaona mbalame kunja kwa chilumba chathu cha Rakiura kwa zaka makumi awiri. M'madzi abata a mu Paterson ndilibe vuto. Koma boti likangodutsa pa Ackers Point n'kukumana ndi mafunde enieni, mimba yanga imakwera kukhosi. Amami okha ndi amene ankadziwa, kuyambira ndili ndi zaka naini.

"Nanga kalata ya ku Dunedin ija?" anapitiriza. "Akupatsa malo kukoleji ya aphunzitsi, iwe waibisa pansi pa matiresi. Adadi ako akuuza aliyense kuti Lolemba uyamba ntchito pa boti. Tessa, wantchito wawo wa pa boti uja, amuuza kale kuti afune ntchito kwina."

"Ndiwauza mawa likadutsa. Mawa lokha, Amami. Fergus akubwera."

Anandiponyera kabokosiko pabedi.

"Uwerenge kapepala kali m'katimo. Konse, osati mzere woyamba."

Ndinamata kapulasitala kuseri kwa khutu lamanzere, n'kukaphimba ndi tsitsi. Kapepala ndinakatambasula ndithu. Koma nthawi yomweyo foni inalira, ndipo dzina limene linali pamenepo linandiiwalitsa kuti padziko pali mapepala.

* * *

Ndinakumana ndi Fergus mu laibulale ku Invercargill, atagona pa buku la mbalame za kunyanja. Kwawo ndi pafamu ya nkhosa kufupi ndi Gore, koma ankaphunzira za mbalame ku yunivesite ya ku Dunedin. Atamva kuti ndine wa ku Rakiura, mwana wa mwini boti, maso ake anawala mwa mtundu wina, ndipo ine pofuna kuti asazime ndinamuuza kuti ndinabadwira pamafunde. Miyezi eyiti ya mameseji, bodza lija limangonenepa.

"Ndafika, ndili kunyumba ya alendo," analemba. "Ndikuopa mawa. Adadi ako akandiona ndikusanza, basi kwanga kwatha. Ndilangize, iwe mwana wa nyanja."

"Ugone msanga. Usamwe mowa, ngakhale botolo limodzi. M'mawa udye buledi wouma, osati mazira okazinga, osatinso khofi. Utenge mabisiketi a jinja m'thumba. Uime pakati pa boti, pamene sipagwedera kwambiri, kutali ndi utsi."

"Ukudziwa bwanji zonsezi poti iwe sizikukhudza?"

Chala changa chinaima pamwamba pa foni.

"Ndimaona alendo," ndinalemba.

"Mawa ndili ndi nkhani yoti ndikuuze. Koma ndikuuza tikabwerera kumtunda."

"Nena pano!"

"Kusaleza mtima kwakoko. Mawa."

Nkhani yanji imene mnyamata amasungira mtsikana mpaka atakondweretsa bambo ake? Ndinaima pagalasi n'kuyeserera nkhope yodabwa katatu konse.

* * *

Pa doko la Halfmoon Bay panali alendo khumi ndi awiri, makamera ndi zoonera patali zili lendelende m'khosi. Adadi anakwera pa bokosi la nyambo monga amachitira nthawi zonse.

"Tamverani, alendo anga. Amene simunadye, nayu buledi, idyani. Mimba yopanda kanthu ndiyo nyanja imaikonda. Amene munamwa mowa dzulo, Mulungu akukhululukireni, ine sindingathe. M'kachipinda musalowemo. Maso akhale uko madzi akumana ndi thambo. Zoonera patalizo musazikanikize m'maso ngati mwazibwereka, suzumirani pang'ono, tsitsani. Zikavuta, sanzirani kumene mphepo ikupita, osati kumene ikuchokera. Ndilibe malaya ena osinthira."

Anthu anaseka. Kenaka anakweza ndowa yachikasu. Ndowa imeneyi ndi yakale kuposa ine. Woyamba kusanza pa ulendo uliwonse dzina lake limalembedwapo ndi cholembera chakuda, ndipo inali itadzaza mayina mpaka kunsi: Majeremani, Majapani, maprofesa, ngakhale m'busa mmodzi wa ku Timaru.

"Zaka makumi awiri," Adadi anatero akuizunguza, "simupezapo dzina la pabanja panga. Iwe wa nkhosa! Malo ako ndakusungira apa, pafupi ndi chogwirira."

"Zikomo, a Murdo," Fergus anayankha makutu atafiira. "Koma muwasungire wina."

"Tiona. Ine mwana wanga sindimupereka kwa munthu amene sangaime pamadzi."

"Adadi!"

"Ndanama?"

Tessa anandipatsa jekete la mphira osandiyang'ana. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zinayi, wagwira ntchito pa Mere Ana zaka zitatu, ndipo amatha kudya sangweji ndi dzanja limodzi lina likudula mitu ya nsomba zoola.

"Lero adona a pa kandege atsikira kwa ife osauka," anatero. "Tsitsi limenelo sumanga? Mphepo ya kunjaku ikudyetsa."

"Ndimakonda lili chomwechi."

"Kaya zako. Fergus eti? Tabwera uime kuno kwa ine, mbalame zimabwera kumene kuli nyambo."

* * *

Tinadutsa pa Ackers Point. Ndinagwira chitsulo mwamphamvu, ndikudikira. Funde loyamba linanyamula boti n'kulitsitsa. Lachiwiri. Lachitatu. Mimba yanga inangokhala phee ngati mwana wagona.

Kukamwa kunali gwaa, malovu onse atauma, koma nseru kunalibe. Ndinafuna kukuwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaiona nyanja ya Adadi ndili chiimire, osati ndili chogwada. Chilumba chinachepa kumbuyo kwathu, madzi anasanduka akuda bii, ndipo Tessa ataponya nyambo atoroa anayamba kufika, zimbalame zija za mapiko otalika kuposa munthu, zikudutsa pamwamba pa mafunde osakupiza n'kamodzi komwe.

Fergus anasiya nyambo n'kudzaima pambali panga. Nkhope yake inali bwinobwino, akutafuna bisiketi.

"Ukuona uyo wa mutu wotuwa? Pali wina wofanana naye, toroa wa ku Chatham. Mlomo wake wonse ndi wachikasu ngati nthochi yakupsa. Amaswana pa thanthwe limodzi lokha padziko lonse. Zaka zitatu ndikumusaka."

"Ukamuona utani?"

"Ndikupsompsona pamaso pa adadi ako."

"Ndiye abwere msanga," ndinatero, ndipo ndinayamba kumusaka ndi mtima wonse kuposa alendo onse aja.

Awiri anali atagonja kale, ndowa ili ndi dzina latsopano la bambo wina wa ku Perth. Adadi ankamuyang'ana Fergus pafupipafupi, akumufunsa mayina a mbalame mwadzidzidzi ngati mayeso. Iye ankayankha osaphonya.

Kenaka funde lina linamenya m'mbali mwa boti n'kutithira tonse. Ndinadzandira, mutu unagunda pang'ono pa chitseko cha kachipinda. Sizinapweteke. Chimene chinandiopsa n'chakuti tsitsi lonyowa linamatirira kumbuyo, khutu lili poyera, ndipo kapulasitala kanali katayamba kumatuka. Ndinakakanikiza ndi chala mwamphamvu, kawiri, katatu, n'kubwezera tsitsi. Mchere unali kundiwawa m'diso. Ndinalitikita ndi chala chomwecho.

* * *

Patapita nthawi ndinaona kuti dzuwa likuthobwa kwambiri mbali imodzi. Mbalame zinkaoneka ngati zapakidwa mafuta. Ndinaphethira, sizinasinthe.

"Ripeka, diso lakolo latani?" Tessa anasiya mpeni. Mawu ake sanali onyoza ayi. "A Murdo! Tabwerani muone!"

Adadi anandigwira chibwano n'kunditembenuzira ku dzuwa. Ndinaona nkhope yawo ikutuwa.

"Mwana wa diso lamanzere wakula, wadzaza diso lonse. Linalo lili bwino. Wamenyetsa mutu?"

"Ayi, Adadi, pang'ono chabe..."

"Anagunda pa chitseko," Tessa anatero. "Ndinaona."

Aliyense ku Rakiura amadziwa za mnzawo wa Adadi amene anamenyedwa m'mutu ndi mono wachitsulo ali kunyanja. Anadzuka, anaseka, anapempha tiyi. Diso limodzi linakula chimodzimodzi, ndipo pofika padoko anali atapita. Adadi ndi amene ankayendetsa boti tsiku limenelo.

"Khala pansi. Fergus, mugwire mutu asagwedere. Tessa, kweza zonse. Tikubwerera!"

Injini inabangula. Nthawi yomweyo mayi wina wokalamba wa ku Nelson anakuwa kumbuyo kwa boti.

"Wa ku Chatham! Mlomo wachikasu! Uyo watera pa nyambo!"

Makamera analira ngati mvula padenga. Manja a Fergus anali pa makutu anga, chala chake chimodzi chili pafupi kwambiri ndi kapulasitala. Sanacheuke.

"Pita ukaone," ndinanong'ona.

"Khala chete. Ndiyang'ane ine."

Apa ndiye ndinali nditazindikira. Chala, kapulasitala, diso. Ndikanangokweza tsitsi, boti likanaima pomwepo, mbalame ili pamadzi pafupi. Mawu anali pa lilime. Koma ndinaona ndowa yachikasu ikugubuduka pansi, ndinaona Tessa, ndinakumbukira mameseji onse a miyezi eyiti, ndipo ndinatseka pakamwa. Ndinadziuza kuti ndinena ikatha miniti imodzi. Inatha. Inathanso ina. Mbalame zinatsala kumbuyo ngati timapepala toyera.

Adadi anali pa wailesi yolankhulirana ya m'boti, chitseko chili chotsekula. Wailesi imeneyi imamveka m'boti lililonse ndi m'khitchini ya msodzi aliyense pachilumba.

"Mere Ana, Mere Ana. Ndikufuna helikopita. Ndi mwana wanga. Wamenyetsa mutu, diso limodzi lakula."

Sindinawamvepo Adadi mawu akusweka chotero. Posakhalitsa nesi wathu, a Glenys, anabwera pa wailesi.

"Murdo, pumira kaye. Akulankhula bwino? Akusanza? Mutu ukumupweteka?"

"Ayi, ayi. Koma diso, Glenys, diso lija."

"Ndimvere. Helikopita ikukonzeka. Koma ndifunse: sanagwire kapulasitala koletsa nseru, kaja ka kuseri kwa khutu? Mankhwala ake akalowa m'diso amachita zomwezo."

Adadi anachita ngati atukwanidwa.

"Ripeka? Mwana wanga? Ameneyu ndi magazi anga, Glenys, sasowa zimenezo. Itumize helikopitayo!"

Ndinachotsa manja a Fergus. Ndinaimirira n'kupita pakhomo la kachipinda.

"Adadi."

"Ndati ukhale pansi!"

Ndinakweza tsitsi n'kutembenuza mutu.

Anayang'ana kapulasitalako nthawi yaitali, chala chawo chidakali chokanikiza batani la wailesi, moti chilumba chonse chinamva mawu anga.

"Nyanja imandisanzitsa, Adadi. Ndinakagwira, kenaka ndinatikita diso."

Kenaka a Glenys anapumira m'mwamba.

"Zikomo Ambuye. Helikopita ndaibweza. Asambe m'manja ndi sopo, avale magalasi a dzuwa. Diso libwerera pakapita masiku awiri kapena atatu. Mukafika adzere kuno ndimuone ndithu."

Wailesi inalira kachiwiri, mawu a msodzi wina amene ndimamudziwa kuyambira ndili khanda.

"Murdo, ndiye pa ndowa paja malo alipo?"

Ena anaseka pa wailesipo, kuseka kwa anthu amene mtima wangokhala pansi. Adadi anapachika wailesi.

"Kuyambira liti?" anandifunsa motsitsa.

"Ndili ndi zaka naini."

"Kandege kaja."

"Inde."

"Amako akudziwa."

Silinali funso. Anakhota boti kubwerera kumene tinachoka. Tessa anaponya nyambo yonse yotsala, tinadikira ola lathunthu, atoroa anabwera ambirimbiri. Wa mlomo wachikasu sanabwerenso. Mayi wa ku Nelson anamuonetsa Fergus zithunzi pa kamera yake, iye n'kuthokoza mwaulemu. Ine ndinakhala pa bokosi, magalasi a Tessa ali kumaso, ndikulakalaka nseru itandigwira kuti mwina ndikhale ndi chifukwa choweramira.

* * *

Padoko panali anthu ambiri kuposa masiku onse, aliyense akunamizira kuti wadzaona zingwe za boti lake. Amami anali ataima kumapeto, manja ali pakamwa. Adadi anawadutsa ngati sakuwadziwa, kenaka anabwerera, osati kwa iwo koma kwa Tessa.

"Zija ndinakuuza uziiwale. Lolemba ubwere monga mwa nthawi zonse." Anatembenukira kwa Fergus. "Nawenso, wa nkhosa. Lolemba, seveni koloko. Mimba uli nayo, mbalame ukuzidziwa, ndipo mwana wanga sunamusiye. Ntchito ndi yako."

Cholembera chakuda anachitulutsa m'thumba, anachiyang'ana, n'kuchibwezeramo. Anakwera mtunda okha.

"Ntchito yanji?" ndinafunsa.

Fergus anakanda m'mutu. Anali asanandiyang'ane m'maso chichokereni pa wailesi paja.

"Ndiyo nkhani ija. Ndinawalembera adadi ako mwezi watha. Amafuna munthu wouza alendo mayina a mbalame. Ulendo wa lerowu anali mayeso anga."

"Nanga sukulu?"

"Ndaimitsa chaka chonse. Chipinda changa cha ku Dunedin ndinapereka kale kwa wina." Anaseka, koma kuseka kopanda mano. "Ndimati tizikhala pa boti limodzi tsiku ndi tsiku, iwe ndi ine. Unandiuza kuti sungakhale moyo kutali ndi mafunde."

"Fergus, pepa. Mbalame ija..."

"Mbalame isiye. Idzabweranso, kapena ayi. Ine ndimaganiza kuti ukufa, Ripeka. Ndimawerenga mpweya wako. Iwe ukudziwa kuti sukufa, uli chete."

"Ndinachita manyazi."

"Ndi ine? Ukudziwa mapiritsi angati ndamwa ine lero? Ukanandifunsa ndikanakuuza. Kusanza ndi mlandu?"

"Kwathu kuno ndi mlandu."

"Ndiye mwa zonse unandilemberazo, zoona ndi ziti?"

Kumbuyo kwathu Tessa anali kutsuka boti ndi paipi, akuimba. Anakweza mutu.

"Fergus! Ukamaliza utsike ndikuonetse pomwe timasunga nyambo. Lolemba tiyambira limodzi, usadzandichedwetse. Ripeka, magalasiwo usunge, akukukhala!"

Fergus anamukwezera dzanja. Kadzanja kamenako kanandibaya kuposa kuseka kwa pa wailesi. Maola teni pa tsiku, masiku sikisi pa sabata, iye ndi Tessa pakati pa atoroa, ine ndili pamtunda ndikuyang'ana pawindo.

"Timapulasitala timagwira ntchito," Fergus anatero mofatsa. "Waona lero. Ukhoza kumamata, n'kumasamba m'manja. Ndikawapempha adadi ako, tonse atatu tikhoza kukwana."

Zinali zosavuta kuvomera. Akanamwetulira, mwina akanandipsompsona pomwepo ngakhale popanda mbalame. Ndikanamata kapulasitala mawa, ndi mkuja, ndi chaka chamawa, kukamwa kuli gwaa, kalata ikuwola pansi pa matiresi.

"Miyezi eyiti ndakhala ndikuwerenga za mtsikana wina m'mameseji ako," anatero. "Tsopano ndiuze iweyo. Ukufuna chiyani?"

Ndinavula magalasi. Dzuwa linandilasa m'diso lija mpaka misozi, ndipo nkhope yake ndinkaiona theka bwino, theka ngati ili pansi pa madzi. Ndinamatula kapulasitala n'kukamata pa chitsulo cha doko.

"Sindikufuna boti, Fergus. Sindikufuna nyanja, ngakhale ya lero yokongola ija. Ndili ndi malo kukoleji ya aphunzitsi ku Dunedin ndipo ndikupita, ndikufuna nthaka yosagwedera pansi pa mapazi anga. Ndikufunanso iweyo, komweko, osati kuno ndi Tessa. Kwera mtunda uwapeze Adadi, ukawauze kuti Lolemba subwera."